Mikanda ya Amake Ruth

Lolemba, 2 Juni 1986
Giredi 8, mbiri yakale. Kilwa, Sofala, zombo za Aluya ndi Amwenye. Iwo kubweretsa nsalu ndi mikanda, akuno kuwapatsa minyanga ndi mkuwa. Ana maso gwa, m'mutu mulibe. Buku limodzi kalasi yonse. Mapu anadyedwa ndi chiswe, nyanja ya India yonse inapita. Ndawauza kuti Lachitatu aliyense abwere ndi chinthu chakale cha kunyumba chochokera kutali. Mwina akagwira ndi manja adzadzuka.

Lachitatu, 4 Juni
Supuni yopindika, khobidi lobowola, batire lakufa la wailesi. Zamanyazi. Koma Ruth Sakala! M'kabotolo ka mafuta odzola, mikanda yagalasi yopanda ulusi, yofiira ndi yobiriwira, yoperepeseka ndi zaka. Akuti amake anasiyiridwa ndi agogo awo. Ndinaithira m'manja mwa mwana aliyense. Ruth, amene chaka chonse sanakwezepo mkono, anafunsa kuti chombo chopanda injini chinkabwerera bwanji kwawo. Ndinafotokoza za mphepo yosintha ndi nyengo. Nditaweruka ndinakaonetsa a Bwanali kusitolo kwawo ku Katete. Akuti yotere sanagulitsepo, ngakhale atate awo ku Malawi. Lero ndiye ndaphunzitsa.

Lachinayi, 5 Juni
Ruth sanabwere. M'malo mwake atate ake, a Zakeyo, mkulu wa mpingo, thovu kukamwa. Mikanda ija ndi ya m'chiuno mwa akazi awo. Mwana anaitenga amake akusamba, n'kudula ulusi. Ine ndikanadziwa bwanji? Inalembedwa? Akuti ndagwira za mkazi wa mwini, ndagwiritsanso anyamata, kenako ndakaziyala pasitolo anthu akugula sopo. Ndinawabwezera botolo. Potuluka: "Ruth sukulu yatha. Akalime."
Kulakwa kukhale kwanga, chabwino. Nanga mwanayo?

Lolemba, 9 Juni
Desiki la Ruth lopanda munthu. Ahedi mantha okhaokha. Akuti ndiziphunzitsa za m'buku. Buku liti? Akuti mlandu Lachisanu pamaso pa komiti ya makolo, ndipo ndikangopepesa, za mwana ndi za kubanja. Kupepesa ndipepesa. Kutseka pakamwa ayi.
A Zakeyo akulengeza kuti ndikulowetsa zachilendo m'mitu ya ana. Jekete avalalo analisoka kuno ku Mkaika? Njinga yawo inamera m'dimba? Chimanga chimene akufuna Ruth akalime nachonso chinabwera pa chombo. Zikundinyansa.
M'kalasi mnyamata wina, Aroni, ananunkhiza dzanja lake limene linagwira mikanda, anzake gwedeee kuseka. Ndamutulutsa.
Kunyumba mkazi wanga Doris: "Inu bambo wapabanja, osaizindikira zoona?" Naye ayambe.

Lachitatu, 11 Juni
Ndinaona Ruth pamsewu, dengu la chimanga pamutu. Anapatukira m'tchire kuti tisakumane. Sindinadye.

Lachisanu, 13 Juni
Ofesi yodzaza. Ahedi, akomiti, amayi awiri achigwirizano cha kutchalitchi. A Zakeyo atangoyamba, chitseko kutseguka. Amake Ruth, a Ottilia, osaitanidwa. Mikanda yonse yatungidwa ulusi watsopano, ili m'khosi, pamwamba pa bulauzi yoyera ya kutchalitchi. Anagwada pakhomo, analonjera aliyense, kenako anati:
"Iyi ndi ya m'khosi. Amene akuti ndi ya kwina, anene pano kuti anaiona pati."
Amene akanatsutsa ndi mmodzi yekha. Mkulu wa mpingo afotokoze chiuno cha mkazi wake pagulu? Anangoyang'ana nsapato. Amayi achigwirizano anagwira pakamwa. Ahedi, kupuma kwabwerera, akuti ndiye palibe mlandu, mwana abwere Lolemba. Lero ndiye olimba mtima!
Panja a Ottilia anandifunsa ngati n'zoona kuti mikandayo inaoloka nyanja. Ndinati ndikukhulupirira choncho. Anaisisita. "Ine ngakhale Chipata sindinafikeko, aphunzitsi. Uyu afike."
A Zakeyo anakwera njinga okha. Mayi anatsatira pansi.

Lolemba, 16 Juni
Ruth wabwera. Wakhala kumbuyo, pakona. Ana akuti atate ake anamanga bulangete panjinga Loweruka, apita kwawo ku Vubwi. Chimanga chikadali m'munda, wokolola ndi mayi yekha. Zonsezi chifukwa cha phunziro limodzi. Ndipo pakhomo la ofesi ahedi amata chikalata: zinthu za kunyumba n'zoletsedwa m'kalasi. Nkhani yonse aphunzirapo chimenecho basi.
Ndinafunsa amene akukumbuka mmene zombo zinkabwererera kwawo. Palibe. Ndinafunsanso, mawu atakwera. Aroni kuyang'ana kudenga.
Kumbuyo, mutu osadzutsa, chapansipansi: "Ankadikira mphepo isinthe."
Ndinatembenukira kubolodi kuti asandione nkhope. Choko chinathyoka. Ndinalembabe.