Msuzi wa Ndere Tsiku la Mayeso

Geoje,
Lamulungu masana

Achemwali anga okondedwa,

Muli bwanji kumeneko ku Wando pamodzi ndi alamu? Bondo lija lasiya kutupa? Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yokolola ndere za m'nyanja, ndiye m'malo mopumitsa mwendo mukukhalira kukoka zingwe m'boti. Ife kuno tili bwino, kupatula chifuwa changa chija chimene sichimva mankhwala. Mlamu wanu Sun-ok naye ali bwino m'thupi, koma masiku ano akuyenda chozyolika m'nyumba mwake momwe.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu, komanso alamu amakhala ali pambali, akutsokomola kuti ndidziwe kuti akumva.

Kuno kopangira sitima ntchito yachuluka moti anthu owotcherera zitsulo akusowa. Mabwana afika poitana anyamata ochokera ku Vietnam, chifukwa ana athu safuna kudetsa zikhadabo. Mwana wanga Dong-uk akadali m'kachipinda kake kaja ku Seoul ndi digiri yake, akuwerengera mayeso a ntchito ya boma. Walepheranso chaka chino. Sindimunena, poti ndine ndinamukankhira kumeneko, koma akabwera kuno amadya atayang'ana m'mbale ndipo mtima umandipweteka.

Nkhani imene ndalembera ndi ya mwana wanu Boram.

Musaganize kuti ndinamunyengerera kuti asiye yunivesite. Tsiku limene anafika ndi chikwama chake ndinamukalipira kuposa mmene alamu akanachitira. Ndinapinda malaya kumuonetsa zipsera za moto, ndinamuuza kuti khutu lakumanzereli linafa kalekale, ndiponso kuti maoda a sitima akachepa anthu amachotsedwa ngati nsabwe. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Malume, mwamaliza? Ndiye mawa mundiperekeze kosulira anthu owotcherera, kapena ndipite ndekha?” Mwana ameneyu liuma analitengera kwa inu, musakane.

Miyezi yonseyi waphunzira, ndipo dzanja ali nalo. Sindikunena chifukwa ndi mwana wa mlongo wanga. Mphunzitsi wawo, bambo Pyo, munthu amene sayamika ngakhale mpunga wa mkazi wake, anandiimitsa pachipata n'kundifunsa ngati mtsikanayu ndimamuphunzitsa mobisa kunyumba. Anyamata a m'kalasi mwake poyamba ankamutcha “Mayi Profesa”, n'kumamufunsa ngati chigoba chakumaso sichimuwonongera tsitsi. Iye ankawayankha kuti asamalire nsidze zawo, poti wina anali atazipsereza kale. Pano amapita kukasuzumira ntchito yake.

Kuti munthu alembedwe ntchito pamafunika mayeso. Amakupatsa mapaipi awiri kuti uwalumikize, kenako amadula polumikizirapo n'kupapinda ndi makina. Pakang'ambika, walephera. Dzanja likangonjenjemera pang'ono mkati mumatsala kampweya kosaoneka ndi maso, ndipo makina aja sanamizika. Mwayi amapereka kawiri kokha. Woyamba unali Lachisanu lapitali.

Tsono achemwali, phukusi lanu la ndere zouma linafika kutatsala pang'ono tsikulo. Sun-ok atalitsegula anakumbukira kuti Lachisanu lomwelo ndi tsiku lobadwa la Boram. Analawirira m'mamawa, naphika msuzi wa ndere monga mayi aliyense amachitira pa tsiku lobadwa la mwana. Za mayeso zinamuchoka m'mutu. Ine ndinali nditapita kale kuntchito, ndikanakhalapo poto ameneyo ndikanamutaya kudzala.

Inu ndi ine tinakulira m'ndere, ndipo tikudziwa kuti munthu sadya zoterera tsiku la mayeso, kuopa kuterereka. Boram ataona mbale ija anafunsa kumene nderezo zachokera. Atamva kuti ndi zanu anamwa msuzi wonse mpaka kupendeketsa mbale, n'kunyamuka osatsanzika.

Paipi yake inang'ambika.

Ine sindikhulupirira kuti msuzi ungang'ambe chitsulo. Chimene chinang'amba chitsulocho ndi maganizo amene analowa nawo m'chipinda muja. Madzulo ake Sun-ok anagwada kumupepesa, misozi ili chuchuchu. Boram anamudzutsa n'kumuuza kuti, “Azakhali, inu mwangophika. Amene anatumizayo tsiku la mayeso ankalidziwa, ndinawauza ndekha pafoni.” Kuyambira pamenepo salankhula zambiri. Amabwera, amasamba, amakhala pakhonde akuyendetsa kamtengo kodyera mpunga m'mphepete mwa tebulo ngati akuwotcherera, kuyesa ngati dzanja lasiya kunjenjemera. Silinasiye.

Ndikufunsani mosapita m'mbali: munatumiza ndere zija chifukwa cha tsiku lake lobadwa, kapena munkafuna kuti aterereke abwerere kusukulu? Ine ndamuuza kuti munali otanganidwa ndi zokolola ndipo munangoiwala, ngati mmene anaiwalira mlamu wanu. Koma polankhulapo ndinkayang'ana kumbali, chifukwa ndimakudziwani. Simuiwala tsiku, inu amene mumakumbukira ngakhale tsiku limene ndinaswa mtsuko wa amayi.

Alamu nawonso anandiimbira. Akuti chinsalu chija anapachika polowera m'mudzi, cholengeza kuti mwana wa banja la Yang wakhoza kupita kuyunivesite ya ku Seoul, anthu akuchiseka akamadutsa. Akuti kulepheraku ndi chizindikiro, ndipo Lachisanu likubwerali adzafika kuno kudzamutenga asanalowe m'mayeso achiwiri. Anandinenanso kuti ndine wakuba ana a eni. Ndinawayankha mwaulemu n'kuika foni pansi. Chikhalireni sindinakwezepo mawu kwa alamu. Akabweradi ndi cholinga chimenecho ndidzaima pakati pa iwo ndi mwanayo, ndipo ndikuchita mantha ndi zimene zidzatuluke m'kamwa mwanga.

Manyazi awo ndikuwamvetsa. Ine ndemwe ndinakhala zaka ndikubisa manja pansi pa tebulo tikakumana pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok, abale akamafunsana za masukulu a ana. Koma ntchito imeneyi yandidyetsa, yamanga nyumba, ndipo sitima ikamatsikira m'madzi ndimadziwa malo amene ndinagwira ine. Boram akakhoza adzakhala ndi luso limene palibe angamulande, ndipo akadzafuna sukulu m'tsogolo, yunivesite sithawa. Akaphonya Lachisanuli, bambo Pyo anena kale kuti malo ake apatsa wina. Sadzabwerera kwanu ngati mmene alamu akuganizira. Adzapita kwina kumene inu ndi ine sitidzakudziwa.

Mukukumbukira chaka chimene ankalemba mayeso olowera kuyunivesite? Munkakwera phiri kupita kukachisi m'mawa uliwonse ndi bondo lomwelo. Tsiku la mayeso munamata switi ya chimera pachipata cha sukulu kuti mwana amatirire, osagwa, ndipo munaima pamenepo m'chisanu mpaka anatuluka. Iye sanaiwale. Dzana anandifunsa ngati mayeso a zitsulo si mayeso, poti palibe amene amawaimira pachipata.

Pempho langa ndi limodzi. Siyani ndere tsiku limodzi, anyamata aganyu akoke okha. Kwerani basi ya Lachinayi, mugone kwathu kuno, ndipo Lachisanu m'mawa mudzaime pachipata cha kumalo a mayesoko ndi switi ya chimera yophika nokha. Simukufunika kunena kuti mwavomereza ntchitoyi. Mungomata switiyo iye akuona, basi. Alamu akafuna kubwera abwere nanu, poti inu mukakhalapo sangamugwire mwana pamkono. Zimenezo mumazitha, takuonani zaka zonsezi.

Sun-ok anati tingogula switi kumsika timuuze kuti yachokera kwa inu. Ndakana. Boram amadziwa kakomedwe ka switi ya mayi ake, ndipo ine sindimunamizanso kachiwiri. Mukapanda kubwera adzalowa m'chipinda muja akudziwa yankho lanu, ndipo dzanja lake lidzachita zimene lidzachite.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ulemu wanga kwa iwo sunachepe. Moninso kwa apongozi anu, kwa azakhali a kutsidya kwa doko, ndi kwa msuweni wathu Man-sik ndi banja lake. Sun-ok akuti mumukhululukire, ngakhale ine sindikuona chimene analakwa. Boram ndamufunsa ngati ndimulembere moni wake m'kalata muno. Wati ayi, adzapereka yekha Lachisanu, ngati pachipata padzakhale munthu womupatsa.

Ndine mlongo wanu,
Gil-su