Tadala wakana ntchito ya kuchipatala

Amayi,

Kodi kumene munapitako kuli bwanji? Kuno ku Kabudula mtedza wachita bwino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Alamu anga, akazi awo a achimwene a Yohane, anachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu.

Koma chomwe ndagwirira cholembera ndi Tadala, mwana wanga, mdzukulu wanu uja munkamuperekeza kusukulu. Amayi, mpaka pano mutu wanga sukugwira. Atamaliza kemisitiri ku yunivesite anamuitana kukayamba ntchito yoyeza magazi kuchipatala, ine n'kulengeza kale kwa amayi onse a kumphakati. Loweruka wafika ndikupeta mtedza, n'kundiuza kuti ntchitoyo waikana. Wapeza mwayi wa sukulu kunja, zaka zinayi. Lichero linandipulumuka m'manja.

Ndinamufunsa kuti akaphunzira chiyani choposa kuthandiza odwala. Akuti kemisitiri ya kwantamu. Ndinamuuza kuti alankhule Chichewa. Anakhala pansi, akutola mtedza uja, n'kumandifotokozera. Akuti chilichonse, mchere, madzi, ngakhale thupi langali, chinapangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti sitiyenda monga uyendera mwala ukauponya. Ngakhale kamodzi mwa tinthuti sungakaloze n'komwe kuti kali apa ndendende. A fizikisi ya kwantamu ndiwo anapeza malamulo a tinthuti. A kemisitiri amatenga malamulo omwewo kuti amvetse chifukwa chake tinthuti timagwirana n'kukhala sopo kapena mankhwala. Mwana yemwe uja ankalira ndi fizikisi ku sekondale, lero akuti popanda iyo kemisitiri yake ilibe poponda!

Ndinapsa mtima. Ndinamukumbutsa mawu anu aja, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Iye anayankha motsitsa mawu kuti m'miyezi yomaliza ija ndi iye amene ankakumwetsani mapiritsi, akuona kuti sakugwiranso ntchito. Akufuna akadziwe mmene mankhwala amagwirira matenda m'kati mwenimwenimo, ndi chomwe chimawalepheretsa.

Amayi, zaka zitatu zonsezi sindinkadziwa kuti mwanayu anasenza zimenezi yekha. Tinangolira tonse pamkeka.

Mtima sunakhazikikebe, koma sindimuletsa. Ndikulonjeza kuti asanakwere ndege ndibwera naye kumanda, adzakutsanzikeni ndi pakamwa pake.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esitere