Zingwe za Kavalo Wofiira

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ndipo ndikusamalirabe akavalo m'khola lomwe lija.

Mwana wanga wamkazi uja amakwerabe kavalo wofiira wa abwana pa mipikisano yodumpha mipiringidzo. Anagwa pa 9 Malichi. Phewa linapola, koma manja sanaiwale. Akayandikira mpiringidzo amakoka zingwe, kavalo n'kuima chilili.

Aphunzitsi ake amati ntchito ya wokwera ndi kulondolera kavalo ndi kumuyezera liwiro akadali patali. Pafupi penipenipo afewetse manja, chifukwa wodumpha ndi kavalo. Dzulo anamuseka pabwalo kuti, "Iwe, miyendo inayi ndi yake. Ukufuna umunyamule ndiwe?"

Iye anati, "Ndikamumasula amathamangira mpiringidzo ngati waona chakudya."

"Ndiye umugwire uko, osati apa."

Ine ndinangotola mpiringidzo umene unagwa n'kubwezera. Za pamsana pa kavalo sindizidziwa, ndimadziwa za pansi.

Mpikisano uliko Loweruka pa 21. Abwana anena mwaulemu kuti kavalo akakananso, amupereka kwa wokwera wina. Sanakalipe ayi.

Mmawa uno tikutsuka zidebe, mwanayu wandifunsa ngati shopu yanu ikufunabe munthu wogulitsa. Wafunsa akuyang'ana m'chidebe. Ndamulonjeza kuti ndifunsa, ndiye ndafunsa. Koma musafulumire kuyankha, asuweni. Loweruka liyambe ladutsa.

Mundiperekere moni kwa ana onse.

Ndine,
Msuweni wanu