Tiziphuphu ta Kumaso

Lachiwiri. Tsiku lamanyazi.

Tiziphuphu tija sitikuphwa, ndiye ndapalasa njinga kuchoka kuno ku Zemba mpaka ku kiliniki, nditakhalira thako limodzi. Anesi atsopanowo ndi Abemba, Chichewa akuphunzira kumene. Mwaulemu ndati, "Ndatuluka tiziphuphu kumaso."

Andigwira chibwano, andiunika masaya ndi tochi. "Nkhope ili bwino, atate."

Ndaloza pansi. Ayang'ana mapazi!

Atati aitane Amai Tembo, oyimba kwaya limodzi ndi akazi anga, kuti adzamasulire, ndamasula lamba ndekha.

Atenga timadzi kuti akayeze hepisi, matenda opatsirana pogonana; zotsatira sabata yamawa. Akuti ine ndi akazi anga tiyambe tagona kosiyana.

Kunyumba ndinanama kuti ndikupita kuchigayo. Tsopano akazi anga ayala mphasa imodzi, ndipo akufunsa ufa. Zoona ndiwauza, koma poyambira pake...