Fayilo Munabisa mu Seva Ija

Chimwankhunda,
Blantyre.
15 Disembala 2019

Okondedwa achimwene a Kingsford,

Muli bwanji kumeneko ku Joni? Alamu anga a Beatrice akudzuka bwanji, nanga Stacy chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo. Amayi miyendo imawavutabe mvula ikamagwa, koma ku Mvano sajomba. Ine thupi lili bwino ndithu, chimene chikudwala ndi mtima.

Musadabwe kulandira kalata ya papepala ngati tili m'masiku a abambo. Foni yanga simuyankha, mauthenga mumawerenga n'kukhala duu. Ndiye ndapatsira a Lucius, aja amayendetsa basi ya ku Joni, ndipo ndawapempha kuti akupatseni m'manja mwanu.

Ntchito ija munandipezera kwa a Hasmukh ku Limbe yatha. Anandichotsa Lachisanu pa 6. Ndikufotokozerani kuyambira pachiyambi, ndipo ndilemba ngati ndikulembera mlendo, popeza masiku ano mukuchita ngati makina amene munamanga nokha simukuwadziwa.

Mukukumbukira kuti eni magolosale a ku Bangwe, Ndirande mpaka ku Thyolo amaoda sopo, shuga ndi mafuta pa webusayiti ya holoselo. Webusayitiyo imakhala pa kompyuta yotchedwa seva. Katundu ndi mitengo zimakhala mu detabezi, pa kompyuta ina. Pakati pa ziwirizi pali kafayilo kotchedwa dalaivala, kamene kamachititsa kuti zimvane. Kafayilo kameneka kakalephera, webusayiti imatseguka bwinobwino koma mulibe katundu ngakhale mmodzi.

Lolemba pa 2 magetsi anabwera mwamphamvu, kompyuta ya detabezi ija n'kupsa. Fungo lake linafika mpaka kosungira katundu. Sindinade nkhawa kwenikweni, chifukwa Loweruka lililonse ndinkakopera zonse padisiki ina, chinthu chimene inu simunkachita. Dhruv, mwana wa a Hasmukh uja anabwera chaka chatha kuchokera kusukulu kunja, anagula kompyuta yatsopano tsiku lomwelo. Tinaikamo detabezi ya masiku ano, ndinabwezeretsa zonse, ndipo pofika madzulo panalibe chosowa. Dhruv anandigwira chanza. A Hasmukh anandiitanitsira tiyi wa mkaka ndi zitumbuwa.

Kenako ndinayatsa seva, webusayiti n'kukana kulumikizana ndi detabezi.

Lachiwiri lonse ndinachita zimene munthu wa ntchito imeneyi amachita. Ndinayang'ana waya. Ndinayang'ana ngati makompyuta awiriwa akuonana, akuonana. Ndinalembanso adiresi ya detabezi, dzina ndi pasiwedi, chilembo ndi chilembo, mpaka maso kuwawa. Ndinaganiza kuti mwina khomo lolowera latsekedwa, ndinalipeza lotsegula. Kenako ndinayesa kulumikiza pa laputopu yanga ndi dalaivala watsopano, zinatheka nthawi yomweyo. Apo ndinadziwa kuti vuto ndi dalaivala wakale wa pa seva, amene sadziwa kalowedwe ka detabezi yatsopano.

Ndinaseka ndekha, achimwene. Ndinati iyi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndinachotsa wakaleyo m'foda, ndinaikamo watsopano, ndinayatsanso seva. Uthenga wokana uja unabweranso mmene unalili. Nditawerenga logi, mmene seva imalemba zonse zimene ikuchita, ndinapeza ikunena kuti ikugwiritsa ntchito dalaivala wakale, yemwe uja ndinali nditangomufufuta ndi dzanja langa.

Ndinabwereza kanayi. Dhruv anali ataima kumbuyo kwanga manja m'thumba, akupumira pakhosi panga. Anandifunsa ngati ndikudziwadi zimene ndikuchita, kapena ngati pepala langa la ku koleji ndinagula pa depoti. Ananena akumwetulira, koma anyamata onse onyamula katundu anamva.

Lachitatu kunagwa chipwirikiti. Ndi nyengo ya Khirisimasi, aliyense akufuna katundu. Mafoni ankalira osapuma. Mayi Aminatu a ku Bangwe, amene akhala akugula kwa a Hasmukh zaka makumi awiri, anabwera okha pa minibasi. Analowa mpaka mu ofesi mwanga n'kunena kuti iwo sanasiye golosale yawo kuti adzaonerere mtsikana akusisita kompyuta, ndipo ngati makina atopa tiwauze, Limbe ndi wamkulu. Anatuluka, n'kuwoloka msewu, kukagula kwa oyandikana nawo. A Hasmukh anawaonerera pawindo mpaka matumba omaliza atakwezedwa.

Tsiku limenelo ndi limene ndinakuimbirani kasanu ndi kawiri. Munayankha kamodzi. Ndinakufotokozerani zonse, inu n'kundiuza kuti ndizimitse ndiyatsenso. Nditati ndachita kale zimenezo, munaseka pang'ono, n'kunena kuti izi si za ana, ndiwauze a Hasmukh akuimbireni okha. Ndinaganiza kuti ndi matama anu a masiku onse aja. Ndinali wopusa.

Lachinayi m'mawa ndinakhala pansi n'kuganiza. Seva sinama. Ngati ikuti dalaivala wakale alipo, ndiye kuti alipo, koma wavala dzina lina. M'foda muja muli mafayilo makumi anayi ndi atatu. Ndinayamba kutsegula imodziimodzi, kuyang'ana zamkati, osakhulupiriranso dzina lolembedwa kunja.

Ndinaipeza pa nambala 31. Kunja inali ndi dzina ngati la mafayilo a seva yeniyeniyo, dzina limene munthu aliyense wanzeru angaope kukhudza. Mkati munali dalaivala wakale wathunthu. Dzinalo linasankhidwa mwaluso kuti seva izimutenga iyeyo poyamba, ngakhale wina aike watsopano kangati. Tsiku limene fayiloyo inaikidwa linali mu Marichi 2017, sabata imene munkatsanzika, imene amayi anakuphera nkhuku ziwiri.

Ndipo mkatimo munali kakalata ka mzere umodzi. Kanati zikavuta imbani nambala iyi. Nambala yake inali ya ku Joni, yomwe ija simuyankha ndikaimba ine.

Ndinakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Ndinakumbukira zimene munandiuza tsiku loyamba kundiperekeza kuntchito, tili mu minibasi pa Chichiri. Munati mmisiri woonetsa bwana zonse amadzichotsa yekha ntchito, uzisiyako kamodzi kodziwa iwe wekha. Ndinkayesa mukunena zosalemba malangizo, monga amachitira amakanika a ku Ndirande. Sindinadziwe kuti munatchera msampha, mukudziwa kuti tsiku lina detabezi idzasinthidwa, ndiye adzakufunani. Ndipo munadziwa bwino amene adzakhale pa mpando umenewo tsikulo, chifukwa munamukhazikapo ndinu.

Ndinakopera fayiloyo pa fulashi yanga, n'kuichotsa pa seva, n'kuyatsanso. Katundu yense anabwera pa webusayiti, sopo, shuga, mafuta, chilichonse pamalo pake. Maoda anayamba kulowa. Masiku atatu a misozi anathera pa kudina kamodzi.

Tsoka lake Dhruv anali pakhomo. Kakalata kanu sanakaone, koma anaona ndikuchotsa fayilo ya dzina lachilendo. Si wopusa mnyamata uja. Anafunsa kuti inafikamo bwanji, ndipo sanadikire yankho, anapita kwa bambo ake.

Lachisanu anandiitana mu ofesi ya a Hasmukh. Mukuidziwa, ya fungo la lubani ija. Akuluwo anandilankhula m'Chinyanja chawo chakale chija, modekha. Anati anthu amene anagwirapo pasiwedi ya seva chiikireni ndi awiri okha, ine ndi inu. Anati abambo athu a Kingstone anawasungira makiyi a nyumba ya katundu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu osasowa ngakhale machesi, ndipo iwo anaima pamanda pawo mvula ikugwa. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa ngati anachita zimenezi ndi Kingsford.

Achimwene, ndikuuzeni zimene zinadutsa m'mutu mwanga. Ntchito yanu ku Joni ndi ya pakampani ya alamu awo a Hasmukh. Chilolezo chanu chokhalira kumeneko chaima pa ntchito imeneyo. Foni imodzi yokha, inu, a Beatrice ndi Stacy mukanapezeka pa basi ya a Lucius ndi zikwama. Ndinaganizanso za amayi, mmene amatchulira dzina lanu kwa amayi anzawo. Ndipo kwathu sitinaleredwe kuvula mkulu wako pamaso pa anthu akunja.

Ndinati ndine. Ndinati ndinasintha dzina la fayilo kalekale pofuna kuisunga, kenako n'kuiwala.

Dhruv anati munthu woiwala chinthu chotero kwa masiku atatu, bizinesi ikufa, ndi woopsa kuposa wakuba. Kenako a Hasmukh anati mwana wa Kingstone, wandikhumudwitsa, mchimwene wako sanatipatsepo vuto ngakhale tsiku limodzi. Anandipatsa envelopu ya malipiro a mweziwo, Dhruv n'kundilanda makiyi. Kalata yondichitira umboni a Hasmukh anati sangalembe, chifukwa iwo salemba bodza.

Ndinatuluka masana dzuwa lili pamutu. Ndinadutsa mumsika osaona munthu. Pa depoti woitanira minibasi anandikoka dzanja akuti asisi tiyeni, malo alipo a mabwana okhaokha. Ndinakwera, ndinalira kuyambira pa Limbe mpaka pa Kudya, mayi wina n'kundipatsa mpango poyesa ndaferedwa.

Mukudziwa mmene Limbe alili. Eni maholoselo onse amadyera limodzi, amapemphera moyandikana, ana awo amakwatirana. Sabata ino ndapita malo awiri kukafunsa ntchito. Onse awiri anandifunsa ngati ndine mtsikana uja wa kwa a Hasmukh, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Komabe ndinali nditavomera. Ndinadziuza kuti chibale ndi fupa sichiola, kuti mwina munachita muli wachinyamata, ndipo mukamva zimene zandigwera mudzachita manyazi. Usiku ndi usana ndimayang'ana foni kudikira inu.

Dzulo ndikuchokera kutauni ndinapeza amayi akusesa chipinda chanu chakale, akuimba nyimbo ya Mvano. Anati mwawaimbira. Anati a Hasmukh akuitanani, akulipirirani ndege, mubwera pa 21 kudzaunika makina onse ndi kukonza zimene mlongo wanu anawononga. Anati mwawauza kuti asandikalipire kwambiri, ndine mwana, ntchito ya makompyuta imafuna mutu. Kenako anandigwira phewa n'kunena kuti ndithokoze Mulungu pondipatsa mchimwene wotere, wobwera kudzapukuta manyazi a banja.

Ndinalowa kubafa kuti asaone nkhope yanga.

Ndiye msampha wanu wagwira, achimwene. Mwadikira pafupifupi zaka zitatu, foni ija yalira. A Hasmukh atakuimbirani anakuuzani zonse, kuti fayilo inabisika, kuti ine ndavomera, kuti andichotsa. Munamva zonsezo ndi khutu lanu, munadziwa chimene ndakuchitirani, ndipo chimene munafunsa ndi tsiku la ndege.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Sindinakwiyepo chonchi chibadwire. Inu ndi amene munkandinyamula pa njinga kupita kusukulu, inu ndi amene munandiphunzitsa kugwira kompyuta ndili Fomu 2. Ndikanakonda akanandichita zimenezi Dhruv, bwenzi ndikugona tulo.

Mukafika mudzapeza palibe chokonza. Ndinakonza ine. Mudzakhala pa mpando wanga masiku awiri, mudzatsegula mafoda, mudzagwedeza mutu ngati sing'anga, kenako adzakuthokozani.

Pempho langa ndi limodzi. Mukatsika ndege ku Chileka, musabwere kuno kaye. Pitani ku Limbe, mukalowe mu ofesi muja, mukawauze a Hasmukh ndi pakamwa panu amene anabisa fayilo ija. Ndi munthu wamkulu, anawakonda abambo, mwina adzakukhululukirani ndipo alamu awo sadzamva. Mwinanso ayi. Ine ndinayeza zimenezo Lachisanu lija ndipo ndinasankha inu. Tsopano yezani inu. Ntchito ngakhale asandibwezere, ndikufuna dzina langa, kuti ndizitha kugogoda pa zitseko za mu Limbe.

Kwa a Hasmukh ine sindipitanso. Ndinanena kuti ndine, ndipo sindikabweza mawu anga kuti ndikugwetseni. Koma fulashi ija ili m'chikwama changa, ndi tsiku lake, ndi kakalata kanu. Amayi za dalaivala sadziwa, koma nambala yanu ya ku Joni amaidziwa pamtima, ndipo kuwerenga amatha. Mukalowa pakhomo pano musanapite ku Limbe, ndidzadikira mudye, musambe, mupemphere nawo. Kenako ndidzayatsa laputopu patebulo, ndidzawapatsa magalasi awo, ndipo mudzawafotokozera nokha muli pompo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Beatrice. Stacy mumuuze kuti azakhali ake amamukonda, ndipo diresi lija ndinamulonjeza lichedwa pang'ono. Amayi akuti mubwere ndi mafuta opaka miyendo aja. Mulungu akuyendetseni bwino pa ulendo wanu, ndipo akupatseni mphamvu pa mtunda wa pakati pa Chileka ndi Limbe.

Ndine mlongo wanu,
Marjorie