Zili M'potomo Si Ndiwo

Bambo a mapasa,

Ndathamangira kwa makaniko. Tayala lakutsogolo munandigulira lija ndi la saizi 29, pomwe lakumbuyo ndi la 26. Njinga yangoyang'ana kumwamba ngati ikupemphera, moti ndakhala ndikukwera phiri pakhonde pomwepa. Mpikisano ndi mawatu, bambo inu!

Zili m'potomo musadye. Ndi tcheni, ndikuchiwiritsa m'phula la makandulo kuti chisamagwire fumbi. Mswachi wanu ndatsukira magiya, pepani, koma ndaubwezera pamalo pake.

Amayi anu atulukira osanena, n'kufikira kulawa. Atangoti mchere wachepa, kuphika sindidziwa, phula lauma, milomo yagwirana. Ali pabalaza, akulalata ndi maso okha.

Madzi otentha amasungunula phula, koma musafulumire. Chikwatiwire sindinamvepo nyumba ino ili zii chonchi.

Ndine wanu,
Mayi a mapasa