Kuchepetsa Thupi Martina Asanachire

Lolemba, 16 Epulo 1956

Kuchokera kudimba lero, pakachitunda kaja ndapuma katatu. Mtima gu gu gu. Zaka makumi anayi ndi zinayi zokha! Kalata ya mwana wanga Martina yochokera ku Nathenje: achira kumapeto kwa Juni, mimba yoyamba. "Amayi, musalephere." Ndikafika bwanji? Njinga ya abambo ake inandikana kale, masipoko atatu phwa.

Lachinayi, 19 Epulo

Kuchipatala chaching'ono. A Jeremiah, othandiza adokotala, anandimanga kalamba pamkono, napukusa mutu. "Mayi Zipora, thupi lachuluka. Shuga m'tiyi lekani, mchere pang'ono, masamba ambiri, ndipo muziyenda tsiku lililonse." Ndinafunsa za mankhwala. Akuti palibe. Amayi anga anapita pa msinkhu wangawu, miyendo yotupa. Izi sindinanene.

Lachisanu, 20 Epulo

Ndafunsa amayi anzanga kutchalitchi. Wina akuti madzi a mandimu m'mamawa. Wina akuti ndizimanga nsalu zolimba pamimba. Enifa wangondiyang'ana: "Ife tikupempherera thupi ngati lanu, inu mukulithamangitsa?" Mandimu ndayesa. Mano okha ndiwo amva.

Lachiwiri, 24 Epulo

Asiyatu wa pasitolo ali pa mwezi wosala, sadya dzuwa lili kunja. Ndati ndiyeseko. Pofika masana, zitumbuwa zinayi kuseri kwa nkhokwe. Nditamuuza anaseka mpaka misozi. "Ife sitisala kuti tionde, Zipora!"

A Efulemu, amuna anga, sakondwa. "Mitundu yonse iziti sindikudyetsa." Abwera ndi nyama ya nkhumba, yonona. Ndadya nthuli imodzi. Chabwino, ziwiri.

Loweruka, 5 Meyi

Kumsika wa fodya. Kalaliki wandilola kukwera pasikelo, alimi onse ali pomwepo. Mapaundi 198. Mwamuna wina: "Ameneyo ndi giredi yoyamba!" Ndinaseka nawo. Panjira yobwerera sindinaseke.

Tiyi wopanda shuga ndi chilango.

Lamulungu, 20 Meyi

Masabata awiri osalemba, kukolola. Ndayamba kutunga madzi pachitsime chakutali, dala. Nkhwani, bonongwe, nyemba, nsima mtanda umodzi m'malo mwa itatu. Sabata yoyamba mawondo ankalira. Tsopano phee. Diresi ya kutchalitchi yalowa popanda nkhondo. A Efulemu dzulo ananditsatira kuchitsime, ati akukaona ng'ombe. Ng'ombe zili mbali ina.

Lolemba, 11 Juni

Sikelo: 187. A Jeremiah akuti osathamanga, pang'onopang'ono ndiye bwino. Madzulo munthu wapanjinga wochokera ku Nathenje: Martina wayamba kudwala, masiku asanakwane. Tinyamuka tambala woyamba.

Lachitatu, 13 Juni, Nathenje

Tinayenda dzulo lonse, a Efulemu akukankha njinga ya ufa ndi nkhuku. Ndinapuma kawiri. Iwo kanayi, ndinawerenga. Matuza kumapazi.

Mwana tinamupeza atabadwa. Wamkazi. Koma kuchepa kwake! Kamutu ngati lalanje, tizala ngati timitengo ta machesi. Sakulira mokweza, sakugwira bere. Martina maso ali pa ine ngati ndikudziwa zonse.

Lachinayi, 14 Juni

Ndazungulira mudzi kufunsa chimene chimabweretsa mkaka. Azamba akuti phala la nsinjiro, thobwa wambiri, chinangwa chachiwisi. Ndakonza zonse. Kamwanako ndakafunditsa pachifuwa panga, pansi pa bulawuzi, kuzizira kwa Juni kuno si masewera. Azamba akuti pamenepo ndi pabwino, mpofunda. Timkaka tofinyira m'kasupuni, dontho, dontho.

Lachisanu, 15 Juni

M'mawa chimodzimodzi. A Efulemu angokhala pakhonde, chipewa m'manja.

Masana. Martina wakuwa m'nyumba: "Amayi, bwerani, wagwira! Akukoka!" Ndilemba bwino mawa.